Achimwene akulankhula bwinobwino, nanga akudandaulanji za mawu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene achimwene ake akuphunzira ku Cairo. Kunja kwa maphunziro, achimwenewo amaimba nyimbo zachipembedzo m'Chiarabu pa maukwati ndi pa maulidi, zikondwerero zachipembedzo za Chisilamu. Miyezi itatu yapitayi anasiya kuimba, akuti mawu sakuwamvera. Dokotala anawayang'ana pakhosi ndi kamera, kenako anawapatsa pepala la mafunso 36 kuti ayankhe okha. Funso la mayiwo ndi lakuti: "Pa foni akumveka bwinobwino. Kodi pepala lingayeze matenda? Kapena angofooka mtima?"

Achemwali, achimwene anu akhulupirireni. Zimene mukumva pa fonizo ndi mawu olankhulira, ndipo kulankhula ndi ntchito yopepuka kwambiri imene kholingo limagwira. M'kholingo muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Mwamuna akamacheza, timagundana maulendo 100 ndi kanthu pa sekondi imodzi. Akakweza nyimbo timatanuka, timapyapyala, timagundana maulendo 300 kapena 400. Katupidwe kakang'ono m'mphepete mwake sikamveka pocheza. Kamadziulula pamene munthu akufuna kukwera m'mwamba mofewa, mawu n'kuduka kapena kutuluka ndi mphepo.

Kuimba kwa Chiarabu kumakulitsa vutoli. Nyimbo zawo zimayenda pa maqam, ndiye kuti mndandanda wa manotsi amene nyimbo imatsata, ndipo maqam monga Rast, Bayati ndi Saba ali ndi manotsi okhala pakati pa manotsi awiri oyandikana a piyano. Woimba akatsetsereka pang'ono chabe, omvera a ku Egypt amadziwa kuti wachoka pa maqam. Palinso mawwal, pomwe woimba amakoka liwu limodzi nthawi yaitali, akulipindapinda popanda ng'oma yomubisa. Ndiye onjezani zilembo za ع (ayn) ndi ح (ha) zotulukira m'kati mwa mmero, ndi ق (qaf) yotulukira kumbuyo kwa lilime. Munthu wobadwira m'Chiarabu amazitchula osaganizako. Amene anakulira m'Chichewa kapena m'Chiyao anaziphunzira atakula, ndipo n'kosavuta kuti azifinya khosi lonse pofuna kuzitchula molondola.

Koma chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi mawu amodzi a Chiarabu, bahha. Bahha ndi kusasa kwa mawu, ndipo ku Egypt kusasa pang'ono amakuyamikira, amati kumapatsa nyimbo chisoni ndi kukoma. Tangoganizani: mawu a woimba ayamba kuwonongeka, omvera akuwomba m'manja kuti tsopano ndiye akukoma. Iye yekha ndi amene akudziwa kuti dzana ankaimba maola awiri, lero pakangotha mphindi 20 pakhosi pakuwotcha. Khutu la womvera silingayeze zimenezo. Nayonso kamera imangoonetsa chimene chili pa timinofu, siinena kuti chamulanda chiyani mwiniwake.

Pepala lija linabadwira pamenepo. Mu 1997 Barbara Jacobson ndi anzake ku America anakonza mafunso 30 otchedwa Voice Handicap Index, ofunsa wodwala mmene vuto la mawu lasokonezera ntchito zake, thupi lake ndi mtima wake. Anali mafunso a anthu olankhula, moti oimba ambiri ankaoneka ngati alibe vuto pomwe ntchito yawo yaima. Mu 2007 Seth Cohen ndi anzake anatulutsa ena a oimba okhaokha, Singing Voice Handicap Index, mafunso 36. Funso lililonse amayankha kuyambira 0, kutanthauza kuti sizichitika, mpaka 4, kutanthauza nthawi zonse, choncho onse pamodzi amatha kufika 144. Amafunsa ngati mawu amathawa pakati pa nyimbo, ngati munthu wakanapo ntchito, ngati ndalama zatsika, ngati amachita mantha asanaimbe.

Mafunso otere sungangowatembenuza ndi dikishonale basi. Amawamasulira, wina n'kuwabwezera ku Chingerezi kuti aone ngati tanthauzo lasochera, kenako amawayesa pa odwala ndi pa anthu abwinobwino, n'kubwerezanso patapita masiku. Mafunso 30 aja anawayesa m'Chiarabu ku King Saud University ku Riyadh mu 2010, ndipo a oimba anawakonzera oimba a ku Egypt ku Mansoura University. Mwina ndi omwe achimwene anu anapatsidwa. Malikisi awo sanena dzina la matenda. Phindu lake limaoneka akadzayankhanso atalandira thandizo: malikisi akatsika, ndiye kuti thandizolo likugwira.

Dzina la matenda limachokera ku kamera. Kawirikawiri pamapezeka timatuza tolimba ngati tomwe khasu limasiya m'manja, kapena chotupa cha mbali imodzi, kapena kamtsempha kophulika, kapena asidi wa m'mimba amene amakwera usiku, nthawi zina popanda ngakhale chilungulira. Mwezi wa Ramadan umasonkhanitsa zambiri mwa izi: tsiku lonse osamwa madzi, chakudya chambiri usiku kenako n'kugona, mapemphero aatali, komanso ndi nyengo imene oimba ngati iwo amaitanidwa kwambiri. Utsi wa shisha, fodya wosutira m'chipangizo chokhala ndi madzi, m'malo omwera khofi umapweteka ngakhale kwa wosasuta.

Achimwene anu ali pamalo abwino. Egypt ili ndi madokotala apadera a mawu ndi kulankhula, ntchito imene Nasser Kotby anaikhazikitsa ku Ain Shams University ku Cairo komweko. Iyeyu anafalitsanso Accent Method, njira yochokera ku Denmark yophunzitsa munthu kutulutsa mawu ndi mpweya wa m'mimba m'malo mofinya khosi. Timatuza tambiri timaphwa ndi maphunziro otere popanda opaleshoni, koma pamafunika masabata angapo ndi kupirira.

Mukamawaimbira foni, musawakakamize kuti aimbeko pang'ono mumve, ndipo asamanong'one poganiza kuti akupumitsa mawu, chifukwa kunong'ona kofinya kumatopetsanso timinofuto. Afunseni funso limene anayankha 4 papepala paja. Ngati ndi la ndalama, kambiranani pabanja za mmene mungawathandizire miyezi imene sakuimbayi, kuti asabwerere ku maukwati pakhosi pasanapole.