Kodi golide angaphedi khansa?

FUNSO: Akonzi, ndinaona pa Facebook kuti asayansi akumapha khansa ndi golide komanso kuwala, kodi nzoona zimenezi? Bambo anga aang'ono ali ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna komwe kali pansi pa chikhodzodzo) ndiye ndikufuna ndidziwe ngati zingawathandize. Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Pepani kwambiri ndi matenda a bambo anuwo. Nkhaniyi ndi yoona ndithu, koma si golide wa ndolo kapena mphete ayi. Ndi tizidutswa tating'ono kwabasi totchedwa ma nanoparticle, kamodzi kamakhala ka ma nanomita pafupifupi 150, moti mpaka mutatindanditsa mahandiredi angapo mpomwe tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Amatilowetsa m'magazi pa diripi, ndiye poti timitsempha ta m'chotupa timakhala tobooka-booka, timakaunjikana mmenemo, mawa lake adokotala amalowetsa kachingwe ka laser pachotupapo nkuwalitsa kuwala kwa near-infrared komwe maso athu saona, golide uja amayamwa kuwalako nkutentha mpaka maselo a khansa kupsa. Chomwe chimandigwira mtima ine nchoti kutenthako kumachuluka pomwe pali golide, mnofu wabwino wapambali suvulala kwenikweni, ndipo kwa munthu wa prostate zimenezi nzazikulu chifukwa opaleshoni nthawi zina imasiya vuto la mkodzo kapena la m'banja.

Asayansi Naomi Halas ndi Jennifer West a ku Rice University ku Houston anaonetsa mu 2003 kuti zimatheka pa mbewa. Mu 2019 munatuluka zotsatira za ku chipatala cha Mount Sinai ku New York, pa amuna 15 omwe anamaliza chithandizochi, 13 sanapezeke ndi khansa pamalo anawotchawo patatha chaka.

Koma anthu 15 ndi ochepa, njirayi ikadali pa kafukufuku. Kuwalako sikulowa patali m'thupi, ndiye khansa ikafalikira m'mafupa kapena malo ambiri njirayi siikwanitsa, komanso golide wotsala amakakhazikika m'chiwindi nthawi yaitali.

Chonde bambowo asasiye chithandizo chomwe akulandira podikira zimenezi. Ndipo madzi a golide aja amagulitsa pa intaneti musagule, kumwa golide sikupha khansa. Mukapita nawo kuchipatala mukafunse adokotala ngati chotupacho chikadali malo amodzi kapena chafalikira, yankho lake ndi lomwe lingakuuzeni thandizo lowayenera.