Mpando wapazenera: mbali iti, mzere uti?

Achemwali, mwafunsa kuti pa ulendo wa pandege wa ola limodzi mukhale pati kuti muone bwino mapiri ndi mitsinje ili pansi. Kungopempha mpando wapazenera sikokwanira. Ambiri amalipeza zeneralo, koma ulendo wonse n'kumangoyang'ana phiko, kapena dzuwa n'kumawathobwa m'maso.

Yambani mwadziwa mtundu wa ndegeyo, kawirikawiri umalembedwa pomwe mukusankhira mpando. Mu Boeing 737 ndi Airbus A320 mumakhala mipando itatu mbali iliyonse, A ndi wapazenera lakumanzere, F lakumanja. Phiko lili m'munsi mwa mazenera ndipo limatchinga kuyambira cha pa mzere 10 mpaka cha m'ma 20. Pamenepo pewanipo. Kutsogolo kwa phiko ndiye kwabwino koposa. Kukadzaza, pitani kumbuyo kwenikweni, chifukwa mizere yomwe yangopitirira phiko mpweya wotentha wochokera mu injini umasokoneza, zapansi zimaoneka ngati zikunjenjemera. Onetsetsaninso mapu a mipando, poti mipando ina ya A kapena F ilibe zenera, pali khoma chabe lomwe mkati mwake mumadutsa mapaipi a mpweya.

Ndege za mapulopela monga ATR 72 ndi Dash 8 Q400 ndiye zabwino pa nkhaniyi. Phiko lili pamwamba, ndipo kawirikawiri sizikwera kupitirira mamita 7,600, choncho minda ndi misewu zimaoneka bwinobwino. Sankhani mizere yakumbuyo, pakati injini imatchinga komanso phokoso ndi lalikulu.

Chomwe ambiri amaiwala ndi dzuwa. Likhale mbali ina, osati yanu. Mukamalowera kumpoto m'mawa, dzuwa limakhala kumanja, ndiye khalani kumanzere. Madzulo sinthani, khalani kumanja. Polowera kumwera zimatembenuka: m'mawa khalani kumanja, madzulo kumanzere. Dzuwa likamaomba pazenera, timizere tonse tokalika timawala ndipo pansi pamangooneka mbuu.

Nanga phiri kapena nyanja yomwe mukufuna kuonayo ikakhala mbali ya dzuwa? Tsatani phirilo, koma sankhani ndege ya nthawi ina ngati ilipo. Kuti mudziwe mbali yake, lembani nambala ya ulendo wanu pa Flightradar24 kapena FlightAware, masamba a pa intaneti olondola maulendo a ndege, muone njira yomwe ndegeyo yadutsa masiku apitawa. Ponyamuka ndi potera pokha musadalire kwambiri, chifukwa ndege imayang'anizana ndi mphepo, ndipo mphepo ikasintha mbali yolowera pabwalo imasinthanso. Ulendo wam'mawa ndi womwe timalimbikitsa, mitambo imakhala isanakwere ndipo ndege siigwedezeka kwambiri.

Mpando usankheni pogula tikiti, apo ayi check-in ya pa intaneti (kutsimikiza kuti mukwera ndegeyo) ikangotsegulidwa, nthawi zambiri maola 24 kapena 48 ulendo usanachitike. Tsiku la ulendo yang'ananinso, akasintha ndege mpando umatha kusuntha osakuuzani.

Pa ulendo waufupi zokongola zambiri zili m'mphindi 15 zoyamba ndi 20 zomaliza, ndiye foni ikhale m'manja kale, pa airplane mode, osati m'chikwama chapamwamba. Pukutani zenera ndi kansalu kofewa, zimitsani flash, ndipo foni iyandikire galasi koma isaligunde, kunjenjemera kwa ndege kungawononge chithunzi. Malaya akuda amathandiza kuti musamadzione nokha pagalasi. Magalasi adzuwa a polarized avuleni, pazenera la ndege amaonetsa mitundu ya utawaleza yomwe kunjako kulibe.