Mafunso ndi Mayankho: Kujambula vidiyo ya live pafoni

Funso: Ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, koma kwathu ndi ku Dedza. Abale amaonetsa maukwati pa Facebook Live. Ndikajambula pafoni kuti agogo adzaonere madzulo, zithunzi zimaoneka koma mawu samveka. Vuto n'chiyani? Mayi a ku Mufakose

Yankho: Mayi, foni yanu ndi yabwinobwino, kungoti simukuiuza kumene itenge mawu. Mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo ali ndi Screen record, batani lojambulira zimene zikuoneka pasikirini. Tsetserekitsani chala kawiri kuchokera pamwamba pa sikirini ndipo muiona. Musanayambe, sankhani Device audio, kapena Media sounds ngati ndi Samsung, kuti itenge mawu a m'foni momwemo. Mukasankha maikolofoni, muzimva phokoso la m'nyumba mwanu kuposa nyimbo za paukwati. Pa iPhone, batani lake mumaliika mu Control Centre.

Gonekani foni cham'mbali musanadine, apo ayi chithunzi chidzakhala kachidutswa pakati pa mdima. Yatsaninso Do Not Disturb, chifukwa uthenga uliwonse wa WhatsApp wotulukira pasikirini umalowa muvidiyo.

Koma dziwani kuti foni imajambula zokhazo zimene zafika pasikirini. Netiweki ikadukiza, vidiyonso imaima pomwepo. Vidiyo yabwino ili ndi amene anaonetsa live ija, ndiye apempheni aikopere msanga, poti kuyambira February 2025 Facebook imafufuta mavidiyo a live pakatha masiku 30. Mwambo ukakhala wa maliro, yambani mwapempha eni ake musanajambule.

Funso: Ndinkajambula mapemphero a maola atatu koma foni inasiya yokha pakatikati, data nayo inatheratu. Ndikonzekere bwanji? Bambo a ku Mbare

Yankho: Bambo, kawirikawiri ndi malo osungira mafayilo amene atha. Jambulani mphindi imodzi yoyesera, onani kukula kwa fayilo, chulukitsani ndi 60. Ikakhala 30MB, ola limodzi lidya 1.8GB, maola atatu apitirira 5GB. Memori khadi ya 32GB kutsika m'munsi nthawi zambiri imakhala ya FAT32, yomwe siilola fayilo imodzi kuposa 4GB, ngakhale malo atakhalapo ambiri. Njira yake ndi kuimitsa ola lililonse n'kuyambanso. Potero chinthu chikalakwika mutaya chigawo chimodzi chokha.

China ndi kutentha. Foni ikulandira vidiyo, ikujambula, ikutchajanso nthawi imodzi, ndiye ikatentha kwambiri imatseka apu yokha. Ivuleni chikava, musaiike pabedi kapena padzuwa, ndipo chepetsani kuwala kwa sikirini. Tchajiranitu foni ndi power bank magetsi a ZESA akadalipo.

Kujambula sikirini pakokha sikudya data, imadya ndi kuonera. Pa YouTube mumasankha mlingo wa kaonekedwe ka chithunzi: 480p imatenga pafupifupi theka la 1GB pa ola, pamene 720p imafika pa 1GB kapena kuposa. Sankhani nokha 480p m'malo mwa Auto, pafoni imaoneka bwino ndithu. Kaya muli pa Econet kapena NetOne, onetsetsani mtundu wa bandulo, chifukwa ya WhatsApp yokha siitsegula YouTube.

Funso: Ndikajambula filimu pa Netflix sikirini imangoda bii. Ndikonze pati? Mnyamata wa ku Highfield

Yankho: Palibe chokonza, achimwene. Eni ake anatseka dala pofuna kuteteza umwini wa mafilimuwo. Gwiritsani ntchito batani la Download la mu apu momwemo, ndipo pewani maapu olonjeza kuthyola lokoyo, chifukwa ena amabera zinsinsi za mufoni.