Kukhala pulofesa wa za ndalama kuno ku Joni, muli dola?

Achemwali ena a ku Blantyre anditumizira imelo, akuti amagwira ntchito ku banki, digiri anatenga ku Poly (eya ndikudziwa pano ndi MUBAS, koma pakamwa panazolowera), ndiye akufuna abwere kuno adzapange masters mpaka adzakhale pulofesa wa corporate finance ndi za mabanki. Akufunsa kuti ayambire pati, komanso muli dola?

Achemwali, za dola tithane nazo kaye. Ngati nkhani ndi ndalama khalani ku banki konko. Anzanu a m'kalasi akadzalowa maofesi a ku Sandton kufupi ndi msika wa masheya wa JSE adzagula galimoto inu mukadali kuchonga mayeso usiku.

Poyambira ndi SAQA, bungwe la kuno loona za mapepa a sukulu, aone kaye digiri yanu kuti kuno ikulingana ndi chani. Sukulu zilipo, Wits ku Braamfontein ndi business school yawo ku Parktown, UJ ku Auckland Park, GIBS ku Illovo. Mukamaliza masters pali PhD, kenako mumayamba ngati lecturer, senior lecturer, associate professor, upulofesa kumapeto, ndipo chokukwezani sikuphunzitsa bwino kokha ayi, ndi kafukufuku, mapepa otuluka m'majenale ovomerezeka, pepa limodzi kukubwezerani katatu muli chikonzere tsitsi likuyamba imvi.

Koma kuphunzitsako nkokoma. Ine ndinakhalapo m'kalasi ya madzulo, pulofesa wina analowa osatsegula laputopu, anangolemba pabolodi R100, nkufunsa: ndikupatseni lero kapena chaka chamawa? Tonse tinati lero. "Chifukwa?" Ola lonse linathera pamenepo, chiwongoladzanja, kukwera kwa mitengo, kuopa kuti munthuyo sabweza. Ine mumtima ndimvekere, izi ndi zomwe a katapila ndi amayi a banki mkhonde amadziwa kale, angoziveka suti. Phunziro lonse la corporate finance limazungulira pompo, kampani ikongole kapena igulitse masheya, ndalamazo iike pati, eni ake agawane zingati.

Zitsanzo kuno sizisowanso. African Bank inagwa mu 2014 chifukwa cha ngongole zopanda chikole zomwe anthu analephera kubweza, Reserve Bank inachita kulowererapo. Kampani ya mipando ya Steinhoff masheya ake anagwa mu December 2017 zitadziwika kuti mabuku ankaphikidwa, banki ya VBS nayo inagwa mu 2018.

Ndiye ku banki musathamangire kusiya. Ana a sukulu amamvera munthu amene anakanizapo wina ngongole maso ndi maso. Tumizani kaye mapepa ku SAQA, amatenga nthawi.