Kwa achimwene ofunsa za TV yotchipa ya mainchesi 55

Achimwene, mwati kumeneko ku Joni mwapeza TV ya mainchesi 55 ya dzina lachilendo pa mtengo womwe ena akugulitsa ya mainchesi 43 ya kampani yodziwika, ndipo mukufuna kudziwa ngati mungatumizire amayi kumudzi. Ambiri akuyankhani kuti chotchipa chilichonse ndi chachinyengo. Ine ntchito yanga ndi yokonza ma TV, ndipo yankho limenelo sindikugwirizana nalo kwathunthu. Mtengo watsikadi pa zifukwa zomveka, kungoti pali pena pomwe opanga amaumira, ndipo pamenepo sipaoneka muli mu shopu.

Chodula kwambiri pa TV ndi galasi loonetsa zithunzi lija, ndipo limapangidwa ndi makampani ochepa kwambiri pa dziko lonse. Kale ntchitoyi inali m'manja mwa Japan, South Korea ndi Taiwan. Kenako makampani a ku China monga BOE, TCL CSOT ndi HKC anamanga mafakitale akuluakulu. Ya BOE ku Hefei imagwiritsa ntchito galasi limodzi la mamita pafupifupi 3 m'lifupi ndi kupitirira 3 m'litali, lomwe amadulapo ma TV 8 a mainchesi 65. Katundu atachuluka chonchi mtengo unagwa, mpaka Samsung Display inasiya kupanga magalasi a LCD (mtundu wa galasi womwe uli m'ma TV ambiri) mu 2022, ndipo lero Samsung imagula ambiri kwa ena. Choncho galasi la mu TV yotchipa nthawi zambiri limachokera ku mafakitale omwewo, ngakhale magalasiwo amasankhidwa m'magiredi ndipo abwino kwambiri amapita kwa olipira bwino. Kuno kwathu kutsikaku sitikukumva kwenikweni chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, n'chifukwa chake mitengo ya ku Joni ikuoneka yokopa.

Dzinanso musalidalire kwambiri. Ma TV a Toshiba ali m'manja mwa Hisense, a Philips amapangidwa ndi kampani ina yotchedwa TPV. Ena amagulitsa motchipa chifukwa phindu lawo lili pa malonda omwe amakuonetsani mukayatsa. Walmart, kampani ya masitolo ya ku America, itagula kampani ya ma TV ya Vizio mu 2024 pa madola pafupifupi 2.3 biliyoni, chomwe inkafuna kwambiri chinali bizinesi ya malonda imeneyo.

Tsopano pomwe ine ndimadyera. Galasi la LCD silimawala palokha, kumbuyo kwake kuli mizere ya timababu ta LED. Wopanga akafuna kuchepetsa mtengo amaika timababu tochepa, kenako n'kutipatsa mphamvu yambiri kuti TV iwalebe bwino pa shelefu, ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo yofunika zinayi. Timababuto timatentha, ndipo nthawi zambiri timalumikizidwa motsatana, moti kamodzi kakapsa mzere wonse umazima. Apa ndi pomwe mumamva mwini wake akuti mawu akumveka koma chithunzi palibe. Mukaunika ndi tochi pafupi ndi galasi mumaona chithunzi chikuyenda mumdima. Zimakonzeka, koma kuti ndifike pa timababuto ndiyenera kunyamula galasi lopyapyala lija ndi manja, ndipo la mainchesi 55 likangosweka basi TV yatha, chifukwa galasi latsopano mtengo wake umayandikira wa TV ina. Chimandipweteka n'choti vutoli limapeweka: TV iliyonse yomwe mungagule, lowani mu Settings, chotsani pa Vivid kapena Dynamic, mutsitse Backlight ifike chapakati. Timababu timakhalitsa, magetsinso sadya ambiri. Ogulitsa sakuuzani zimenezi.

Bodi ya magetsi nayonso amaiumira. M'ma TV otchipa ambiri bodi ya magetsi ndi bodi yaikulu anaziphatikiza kukhala imodzi, ndiye mbali imodzi ikapsa mumagula yonse, ngati ingapezeke n'komwe. Ya Hisense kapena Samsung ndikhoza kuipeza kapena kuchotsa mu TV ina yakufa. Ya dzina lomwe labwera ndi kontena imodzi n'kusowa, ndimafufuza miyezi mwini wake akundiimbira foni. Ndi mmene magetsi amathimira ndi kubwerera mwamphamvu kwathu kuno, TV guard (kachipangizo koteteza TV ku magetsi obwera mwamphamvu) ndi yofunika ngakhale TV ikhale ya dzina lalikulu bwanji. Ngati kwa amayi ndi kwa sola, dziwaninso kuti ya mainchesi 32 imadya mawati 30 mpaka 50, pomwe ya 55 imafika cha m'ma 100 kapena kupitirira. Batire laling'ono silifika nayo kumapeto kwa mpira.

Mawu oti Smart pa katoni asakukopeni. Zambiri zotchipa zili ndi RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu) ya 1GB yokha ndi Android yosavomerezedwa ndi Google, ndiye YouTube imachedwa kutseguka, Netflix imakana kapena imaonetsa chithunzi chosawala bwino, ndipo pakapita zaka zingapo mapulogalamu ena amangosiya kugwira. Izi sizindidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kabokosi ka intaneti kolumikiza pa HDMI (bowo la pa TV lolumikizira dikoda ndi zida zina) kamathetsa vutolo ndipo kakakalamba mumangosintha iko. Chomwe muonetsetse n'choti mabowo a HDMI alipo awiri kapena atatu, komanso kuti yalembedwa DVB-T2, womwe ndi mtundu wa digito womwe Malawi amagwiritsa ntchito.

Nanga 4K, chithunzi cha timadontho tochuluka kwambiri chomwe ma TV akuluakulu amadzitamira nacho, amayi akaonera chiyani? Matchanelo ambiri a pa dikoda safika n'komwe pamenepo, ndipo Netflix yokha imanena kuti 4K imatha kudya bandulo ya 7GB pa ola limodzi. TV yaikulu yotchipa ikalandira chithunzi wamba imachikuza mosalongosoka, nkhope za anthu zimaoneka zopakapaka. Pa ya mainchesi 43 ya Full HD chithunzi chomwecho chimaoneka bwino. Samalani ndi zolembedwa HD Ready, zimenezo ndi timadontho 1366 x 768 basi, tochepa poyerekeza ndi Full HD. Mawu nawo ndi ofooka pa ma TV opyapyala onse chifukwa masipika alibe malo. Mukamagula sipika yapadera funsani mawati a RMS, omwe amasonyeza mphamvu yeniyeni ya sipika; manambala akuluakulu olembedwa PMPO ndi okopera makasitomala.

Ndikanakhala ine, ndikanatenga ya mainchesi 43 ya kampani yomwe zipangizo zake zimapezeka. Hisense, mwachitsanzo, ili ndi fakitale ku Atlantis ku Cape Town kuyambira 2013, ndipo ma TV ake ndi ambiri kuno moti wokonza sasowa poyambira. Amayi ali kumudzi, TV ikazima palibe woti athamange nayo, ndipo waranti ya ku South Africa kawirikawiri imagwira ntchito komweko. Kuibweza ku Joni kungadye ndalama yoposa yokonzetsera. Ya 55 yotchipayo ndi yabwino kwa munthu wokhala pafupi ndi shopu yomwe wagulayo, risiti ili m'thumba.

Mukasankha, iyatseni mu shopu momwemo. Ikani chithunzi choyera chokhachokha, kenako chakuda, muone ngati pali timadontho takufa kapena kuwala kotulukira m'mbali. Mukagula kwa ogulitsa a m'misewu yezaninso ndi tepi kuchokera ngodya ya pansi kufika ya pamwamba mbali inayo: mainchesi 43 ndi masentimita 109, ndipo 55 ndi pafupifupi 140, galasi lokha osawerengera pulasitiki ya m'mbali. Katoni ndi zotetezera zake zam'kati musataye, ndipo a transipota muwauze kuti TV iyende choimirira, osaigoneka kapena kuisanjikiza katundu. Asanainyamule muijambule ikuonetsa chithunzi iwo ali pomwepo, kuti ikafika yosweka pasakhale kukanirana. Ngati mungathe, tumizani pano nambala ya model yomwe ili pa sitika ya kumbuyo kwa TV ziwirizo ndikuuzeni ngati mabodi ake amapezeka kuno.