Yankho la achimwene pa nkhani ya mayeso a umisiri

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali pamwamba pa sikafodi. Ndamva zomwe mwafunsa, zoti mphwangayu wamanga nyumba zaka 6 pansi pa mmisiri, koma kukampani amubweza chifukwa alibe pepala, ndiye akayesedwe kapena ayi.

Akayesedwe, achemwali. Asamve ngati akumunyoza ayi. Bwana wa kampani samudziwa mwanayu. Ife tinaona nyumba yanu ija mmene anaiimikira, koma bwanayo angoona chiyani? Pepala basi.

Ine nthawi yathu tinkalemba trade test ya ku Unduna wa Zantchito, kuyamba Grade 3, kenako 2, mapeto ake Grade 1. Masiku ano apite ku ofesi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a umisiri, ku Blantyre konko ilipo, akafunse za RPL. Imeneyo ndi njira yoyesera ndi kupereka pepala kwa anthu ngati iyeyu, amene luso analitola pa saiti osadutsa ku sukulu za umisiri ngati ku Soche kapena ku Nasawa.

Koma mumuuze izi. Tsiku langa loyamba la mayeso anandipatsa pulani papepala, njerwa, matope, akuti manga kona iyi nthawi isanathe. Ndinamanga mothamanga, ndikudzimva. Woyesa uja sanayankhule kanthu. Anangotenga levulo kuika pambali, kuika pamwamba, sikweya pakona, kenako tepi pa matope apakati pa njerwa. Amafuna mamilimita 10, mzere uliwonse chimodzimodzi. Anga ena anali onenepa, ena owonda. Mtima unangoti myuu! Ndinakhoza, koma movutikira.

Ndiye vuto la anyamata athu ndi limenelo, amamanga ndi diso. Diso ndi labwino, koma pamayeso amafuna muyeso. Aphunzire kuwerenga pulani, adziwe mamilimita osati mainchesi okha, adziwe kuongola kona ndi 3, 4, 5 ija, yoyeza 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, ndipo chopingasa ikwane 5. Azitha kufotokoza chifukwa chake timayala pulasitiki yakuda pafawundeshoni, osangoti ndi mmene timachitira. Mafunso ena amabwera m'Chingerezi, pamenepo m'pamene ambiri amagwa ulesi, chonsecho zinthuzo amazigwira tsiku ndi tsiku, mayina okha ndiwo achilendo.

Nsapato zolimba, ovolosi ndi chisoti asaiwale, amayang'ananso zimenezo, ngakhale mmene wasiyira malo ogwirira ntchito.

Loweruka abwere kuno kusaiti m'mawa, atenge tepi ndi levulo yake. Ndimupatsa pulani amange kona imodzi, ine ndikhala woyesa, ndipo sindimumvera chisoni. Za ndalama yolembetsera musadandaule nokha, akabwera ndi mtengo wake tigawana. Mupereke moni kwa alamu.