Kufufuza kholo lomwe linakakhazikika ku Nebraska

Achimwene, mwafunsa poyambira pofufuza za kholo la akazi anu lomwe linakatenga malo ku Nebraska, ku America, m'ma 1860. Ine ndingayambire pa mapepala a malo, kalembera pambuyo. Lamulo la Homestead la 1862 linkapereka maekala 160 kwa munthu amene wakhalapo n'kumalima zaka zisanu, ndipo pomaliza ankabwera ndi mboni ziwiri. Mafailo a malowo ali ku National Archives, kosungira zikalata zakale za boma la America, ku Washington. Mupezamo kukula kwa nyumba, mbewu zomwe ankalima, mwinanso chikalata cha unzika ngati anabadwira kunja. Mayina a mbonizo musawadumphe, poti anali anansi, ndipo anthu ankakonda kusamuka ndi akwawo.

Kalembera wa 1890 musavutike naye, pafupifupi yense anawonongeka pa moto wa mu 1921. Onani wa 1870 ndi 1880.